Khoma la Apongozi

Abusa anandipeza ndikutsuka wilibala kuseri kwa nyumba ina komwe ndinkamanga khitchini. Anaima chapatali kuopa kudetsa nsapato, n'kunditambasulira pepala lopinda kanayi.

"Mayi, Mulungu wakuonani," anatero.

Abusa athu akayamba ndi mawu amenewa, dziwani kuti pali ntchito imene aliyense waikana.

Nkhani yake inali iyi. Mpingo wathu unavomera kutumiza anthu makumi awiri ndi anayi kukathandiza kumanga chipinda cha amayi oyembekezera pachipatala china chakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa lole. Ankayenera kukagona kumsasa masiku khumi, m'matenti, pamodzi ndi anthu a mipingo ina. Maina anali atalembetsa kale Lamulungu lapitalo, nyimbo ili pakati, mitima itatentha. Chimene chinatsala ndi kuwakonzekeretsa ndi kupita nawo, ndipo mumpingo monse mmisiri womanga ndinali ine ndekha.

"Ndi Maloweruka atatu okha," anatero abusa. "Muwawerengere malamulowa, muwaonetse pang'ono kagwiridwe ka njerwa, basi."

"Inu mupita nawo, abusa?"

"Ine ndidzabwera tsiku lomaliza kudzatseka ndi pemphero."

Pepalalo linachokera kwa kapitawo wa kumsasako, ndipo ndinangoona kuti analemba ndi munthu amene anthu ongodzipereka anamukwana kalekale. Aliyense chikwama chimodzi. Nsapato zotseka, osati za mphira zotulutsa zala. Bulangete, mbale, kapu ndi supuni, aliyense zake. Kudzuka faifi koloko. Kuphika, kutunga madzi ndi kutsuka zimbudzi n'kosinthana, posaona udindo. Wopitirira zaka makumi asanu ndi limodzi asakwere pansanja. Ndinamukonda kapitawoyo ndisanamuone.

Kuseri kwa pepalalo kunali maina. Anali magulu atatu: a kwaya khumi, a gulu la amayi asanu ndi anayi, akulu a mpingo asanu. Nditafika pa dzina lachiwiri la akulu a mpingo, ndinakhala pa thumba la simenti.

"Abusa, awa ndi apongozi anga."

"Eya. Ndiwo anayamba kukweza dzanja."

Apongozi anga, bambo wawo wa amuna anga, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi. Anakhala mphunzitsi wamkulu zaka makumi atatu, ndipo ngakhale anapuma ntchito, ntchitoyo sinapume mwa iwo. Amakonza galamala ya zolengeza za m'tchalitchi. Ndinamvapo akukonza pemphero la munthu pamaliro. Sindinayambanepo nawo, chifukwa zaka zonsezi ndakhala ndikuyankha "inde bambo" n'kupitiriza zanga.

Madzulo ndinawauza amuna anga. Iwo ndi telala, ndipo nkhani yovuta ikabwera amakhala ndi mapini kukamwa nthawi zonse.

"Mukawauze kuti asapite," ndinatero.

"Mmm."

"Si mmm. Ndi bambo anu. Bondo lija likawatupira kumsasa mudzati ndine."

Anachotsa pini mmodzi. "Ukuwadziwa ababa. Ndikawauza kuti asapite, apita kawiri."

Anabwezera piniyo kukamwa, makina n'kuyamba kulira.

Loweruka loyamba ndinalengeza kuti tikumane seveni koloko, aliyense atavala zogwirira ntchito. Seveni koloko inandipeza ndili ndi mlonda wa patchalitchi ndi galu wake. Anthu anayamba kufika cha m'ma eyiti, mmodzimmodzi, akununkhira sopo. Amayi atatu anabwera atavala zoyera. Mkulu wa mpingo wina anabwera ndi tayi. Wotsogolera kwaya, mayi amene tonse timamutchula kuti a Nthetemya, anafika ndi nsapato zazitali, akuyenda pamchenga ngati akuponda mazira.

Apongozi anafika seveni koloko itangodutsa pang'ono, ndisawanamizire. Anavala ovolosi yatsopano, mizere ya m'sitolo ikuonekabe, m'khwapa atapanira levulo yatsopanonso, chida choyezera kuwongoka kwa khoma. Anandipempha pepala la malamulo, anavala magalasi, n'kutulutsa cholembera chofiira.

"Apa pakufunika chizindikiro cha mpatuliro," anatero. "Ndipo mawu akuti zimbudzi awa akanapeza ena aulemu."

"Inde bambo."

Ndinawakhazika onse pamabenchi m'holo n'kuyamba kuwerenga. Sindinafike lamulo lachitatu. Mkulu wa mpingo wa tayi uja anakweza dzanja. Ameneyu dzina lake lenileni linaiwalika, amangodziwika kuti a Mfundo, chifukwa palibe msonkhano umene unathapo iwo asananene kuti ali ndi mfundo.

"Ndili ndi mfundo," anatero. "Ife akulu a mpingo tikupita kukayang'anira. Ndiye za kutsuka zimbudzizi ndikuona kuti sizikutikhudza."

"Mukayang'anira ndani, bambo?"

"Ntchito."

"Ntchito ili ndi kapitawo wake. Akufuna manja, osati maso."

"Koma udindo..."

"Pepalali likuti posaona udindo. Sindinalembe ndine."

Mayi wina anafunsa ngati kuli magetsi osita zovala. Wina anafunsa ngati angatenge mdzukulu wake, akuti ndi mwana wofatsa. Wa kwaya wina anafunsa kuti masiku khumiwo tikuwerenga ndi Lamulungu lomwe kapena ayi, chifukwa ali ndi ukwati wa msuweni wake Loweruka la pakati, ndiye amaganiza zobwerera kaye n'kudzapitanso. A Nthetemya anafuna kudziwa ngati fumbi la simenti limawononga mawu.

"Mukatseka pakamwa siliwononga," ndinatero.

Ena anaseka. A Nthetemya sanaseke, ndipo ndinadziwa kuti mawu amenewa ndidzawalipira.

Titatuluka panja ndinawaonetsa wilibala, fosholo ndi mulu wa mchenga. Ndinati aliyense adzaze wilibala, aikankhe mpaka pampanda, akhuthule, abwerere. Ntchito imene mwana wa sukulu amaichita akuimba. Wilibala inagwa kasanu ndi kawiri. A Mfundo anaikankha ali chiwongokere ngati akuperekeza mkwatibwi, ndipo atafika pakati anaima n'kunena kuti tayala lilibe mpweya wokwanira. Tayala la wilibala yanga ndi la mphira wolimba, sililowa mpweya. Amayi a zoyera aja anapempha kuti ayambe aonerera kaye.

Amene anandidabwitsa ndi mayi wina wamasiye wogulitsa makala, wosalankhulalankhula. Anadzaza, anakankha, anakhuthula, anabwerera, n'kufunsa ngati pali mchenga wina. Ndinalakalaka nditakhala nawo makumi awiri otere.

Apongozi sanagwire wilibala. Ankayendayenda akuika levulo yawo pa chilichonse: pamasitepe a tchalitchi, pawindo, pabenchi. Kenako anandiitana pambali kudzandiuza kuti holo yonseyo ndi yopendekera kumadzulo.

"Inde bambo."

"Paja ine ndinamangitsa makalasi anayi ndili pasukulu."

Anamangitsa, n'zoona. Ankakhala pampando pansi pa ambulera, ena akumanga.

Loweruka lachiwiri ndinati aliyense abwere ndi chikwama chake atalongedza ngati tikunyamuka tsiku lomwelo. Ndinkafuna kuona ndi maso anga. Nditalowa m'holo ndinangoti kakasi. Munali ngati podikirira basi. Masutikesi a mateyala, mitolo yomanga ndi zingwe, matiresi awiri, mpando wopinda, ndowa zodzaza mapoto. A kwaya anabwera ndi kiyibodi, sipika, ndi batire ya galimoto.

"Zimenezi zikupita kuti?"

"Kumsasa," anatero a Nthetemya. "Anthu akatopa amafuna nyimbo."

"Anthu akatopa amafuna kugona. Lole ndi imodzi. Tikakweza sipikayo, atsala ndani?"

"Mwati chikwama chimodzi. Kiyibodi si chikwama."

Ndinapuma mozama, ndinawerenga mazenera a holo, ndinawerenganso. Kenako ndinajambula ndi choko pansi bwalo la makona anayi, kukula kwake ngati mpando wa m'basi, n'kunena kuti katundu wosakwana m'menemo atsala. Panatha maola awiri anthu akupanikiza, akupondereza ndi mawondo, akukangana ndi choko. Mayi wina anatulutsa m'chikwama madiresi asanu ndi limodzi, koma analibe bulangete. A Mfundo anali ndi mfundo yakuti matiresi awo ndi a chipatala, adokotala anawalembera. Nditapempha kalata ya adokotalawo anati adokotalawo anasamuka.

Za nsapato musandifunse. Anthu makumi awiri ndi anayi, nsapato zotseka zinapezeka mapeyala khumi ndi limodzi. Sabata yonse yotsatira ndinakhala ndikuyenda kwa amisiri anzanga kubwereka jombo zakale, n'kumabwera nazo m'thumba kunyumba. Amuna anga anati khonde likununkha ngati mwafera chinthu. Ndinawauza kuti akafuna fungo labwino akalankhule ndi bambo awo.

Loweruka lachitatu linali lomanga. Kuseri kwa tchalitchi kunkafunika khoma lotchinga potayira zinyalala, ndiye ndinaganiza kuti aphunzirire pamenepo, ntchito yawo isapite pachabe. Maziko ndinathira ndekha Lachinayi. Ndinakweza ngodya ziwiri, ndinakoka chingwe, n'kuwagawa atatuatatu. Ndinawaonetsa kasakanizidwe ka simenti ndi mchenga, kanyowetsedwe ka njerwa, ndi kagwiridwe ka mpeni womangira. Ndinanena chinthu chimodzi katatu.

"Njerwa itsate chingwe. Osati maso anu, osati mtima wanu. Chingwe. Mzere ukakhota ndigwetsa, ndipo kumsasa kapitawo akagwetsa osakupepesani."

Woyamba kugwetsedwa anali mzere wa a Nthetemya. Njerwa zinali kukwera ndi kutsika ngati nyimbo. Ndinazichotsa imodziimodzi, n'kupala simenti kubwezera m'beseni. Iwo anaima manja ali m'chiuno. Kenako ndinagwetsa wa a Mfundo, amene anati vuto ndi njerwa, sizofanana. Mayi wa makala uja mzere wake unali wowongoka kuposa wa amisiri ena amene ndimawadziwa.

Apongozi anali atasankha okha kumapeto kwa khoma, kumene ndinkafika mochedwa. Anawauza awiri amene ndinawapatsa kuti iwo azingopereka njerwa. Chingwe anachimasula n'kuchikoleka pamtengo, akuti chimawasokoneza, ndipo munthu amene ali ndi levulo safuna chingwe. Pamene ndinkafika anali atakweza mizere isanu. Anagwira ntchito ndithu, thukuta lili chuchuchu, ovolosi itada. Koma khomalo linali ndi mimba. Linatuluka kunja ngati likufuna kumva zimene akukamba kumsewu, ndipo mipata ya njerwa inali italunjikana kuyambira pansi mpaka pamwamba, moti mvula yoyamba ikanaling'amba ngati pepala.

"Mwaona, mayi?" anatero akupukuta magalasi. "Ena akadali pamzere wachiwiri."

Ndinamva kuti kumbuyo kwanga mafosholo asiya kulira. Nditacheuka ndinapeza onse akundiyang'ana. A Nthetemya anali patsogolo, akupukuta zala ndi kansalu pang'onopang'ono.

"Amisiri," anatero mofatsa, "ifetu tikufuna kuphunzira. Limenelo ndiye khoma labwino?"

Ndikanatha kunena kuti tipume kaye timwe tiyi, n'kudzagwetsa madzulo onse atapita. Ndinaganizadi zimenezo. Koma anthu amenewa ndinkapita nawo kukamanga chipinda chimene mudzagone amayi ndi makanda, ndipo ndikanalekerera khoma ili, palibe amene akanamveranso chingwe changa.

"Bambo," ndinatero, mawu akutuluka ang'onoang'ono, "mwagwira ntchito kwambiri. Koma lakhota. Liyenera kutsika."

"Levulo ikuti lili bwino."

"Mwaiika pamwamba pokha. Taikani m'mbalimu."

Anaiika m'mbali. Kadontho ka m'galasi kanathawira kumapeto n'kukhala komweko. Anakayang'ana nthawi yaitali, ngati mwana amene wawayankha mwano m'kalasi.

Ndinayamba kuchotsa njerwa. Simenti inali isanagwire, ndiye zinkachoka mosavuta, ndipo pamalo ponse panali zii moti njerwa iliyonse ndikaiika pansi inkamveka. Ndili pamzere wachitatu, apongozi anatsamiritsa mpeni womangira pabeseni, anatenga levulo yawo, anaipukuta ndi mpango, n'kumapita. Sanathamange. Anadutsa pageti, anapereka moni kwa mlonda, n'kukhotera kwawo.

"Ndili ndi mfundo," anayamba a Mfundo.

"Isungeni," ndinatero. "Tengani fosholo."

Anatenga. Tsiku limenelo khoma linakwera mizere isanu ndi umodzi yowongoka, ndipo palibe amene anafunsanso za magetsi osita. Koma ine sizinandikomere m'pang'ono pomwe.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza makina ali chete, amuna anga atakhala pakhonde pakati pa jombo zija, kukamwa kulibe pini ngakhale mmodzi.

"Pamaso pa anthu?" anatero.

"Ndinakuuzani masabata atatu apitawo kuti mukalankhule nawo."

"Sukanadikira anthu apite?"

"Inu munthu akabwera ndi buluku la mwendo umodzi wautali, mumamuuza kuti lili bwino chifukwa anasoka ndi bambo anu?"

"Ababa sasoka."

"Samanganso."

Mlamu wanga wamkazi anaimba foni kuchokera kumene anakwatiwa, kufunsa ngati n'zoona kuti ndawakankha ababa n'kuwagwetsera m'simenti. Lamulungu apongozi sanabwere kutchalitchi, koyamba chimwalirire apongozi aakazi. Zolengeza zinawerengedwa ndi zolakwika zake zonse, popanda wokhosomola. Abusa potuluka anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti akundipempherera, koma sananene kuti apita kukawaona.

Masana ndinavala bwino, ndinagula buledi ndi shuga, n'kupita ndekha. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesa amene sakunena kuti khomalo linali lowongoka. Ndi ovuta kupeza mawu oterowo.

Ndinaodira kukhomo, osayankhidwa. Ndinamva kugogoda kuseri, ndiye ndinazungulira. Ndinawapeza atakhala pa kampando kakang'ono pafupi ndi khola la nkhuku, atavala ovolosi ija. Anali atazula njerwa zozungulira maluwa a malemu apongozi aakazi, atakanda dothi m'beseni losambira, atakhoma timitengo tiwiri, n'kukoka ulusi wa thumba la ufa. Pansi panali mizere iwiri ya njerwa zisanu ndi imodzi. M'mbali munali dothi louma losonyeza kuti amanga ndi kugwetsa kangapo.

Ndinagwada chapatali n'kupereka moni. Anayankha osandiyang'ana.

"Bambo, ndabwera chifukwa cha dzulo. Sindinafune..."

"Chingwechi," anandidula, "chizikhudza njerwa kapena chisakhudze?"

Mawu onse amene ndinakonza m'njira anabalalika.

"Chisakhudze, bambo. Pazitsala kampata kongolowa pepala. Chikakhudza, njerwa imachikankha, ndiye mzere wonse umatsatira bodza."

"Simunanene zimenezo dzulo."

"Ndinanena, bambo."

"Simunanene momveka. Mphunzitsi akalankhula atatembenukira kukhoma, a kumbuyo samva."

"Inde bambo."

Ndinaika buledi pawindo, ndinakwinya manja a diresi langa la kutchalitchi, n'kukhala nawo pansi. Tinamanga mpaka dzuwa kupendeka. Ndinene zoona, sanaphunzire. Manja awo amanjenjemera, ndipo akaika njerwa amaimenya kwambiri ngati yalakwa. Atayesa kudzuka pakampando paja, bondo linakana, ndipo ndinayang'ana kwa nkhuku mpaka ataimirira.

Anaima akuyang'ana kakhoma kawoko, kenako anati, "Lakhotanso."

"Pang'ono, bambo."

"Musandinyengerere. Lakhota." Anapukuta manja. "Ndiye kumsasako munthu wosamanga, wosakwera pansanja, wosakankha wilibala, akukachita chiyani? Mundiuze zoona. Ndichotse dzina?"

Mwayi umene ndinkaufuna masabata atatu unali m'manja mwanga. Ndikanangoti inde. Koma ndinakumbukira seveni koloko ija ndili ndi mlonda ndi galu, ndi mafosholo anga awiri amene anasowa Loweruka loyamba osapezekanso.

"Pali ntchito ina imene yandikanika ine," ndinatero. "Anthu aja sasunga nthawi, ndipo zida akangogwiritsa amataya pomwepo. Ndikufuna munthu wa kaundula. Woitana maina m'mawa, wogawa zipewa ndi mafosholo n'kuzilandiranso madzulo, wolemba kuti lero zimbudzi akutsuka ndani. Ine akandiona amaona mkazi wa telala. Inu theka la anthu aja munawakwapulapo."

Kenako anafunsa kuti, "A Mfundo nawonso ali pa ndandanda wa zimbudzi?"

"Ali pomwepo."

"Muwaike tsiku loyamba."

Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti ndathetsa vuto. Sindinadziwe kuti ndalipatsa ofesi. Lolemba m'mawa, tiyi ndisanamwe, anali pakhomo ndi kope lalikulu lachikuto cholimba, atajambula kale mizere ndi rula. Ankafuna maina onse olembedwa bwino, zaka zobadwa, ndi wachibale woti adziwitsidwe munthu akadwala. Lachiwiri anayenda nyumba ndi nyumba kuyendera zikwama, ndi choko chawochawo. Kiyibodi inathera pomwepo, ndipo a Nthetemya anandiimbira foni kudandaula, ngati kuti ine ndi amene ndili ndi chifundo. Lachitatu anabwera kudzandiuza kuti jombo zonse azilemba manambala ndi penti, ndipo peyala nambala seveni ndi ya miyendo yakumanzere yokhayokha. Lachinayi anandibweretsera pepala la malamulo lija atalilembanso, malamulo atakwana makumi awiri ndi awiri. Amuna anga ankangoseka ndi mapini awo.

Tinanyamuka Lachisanu. Ndinafika patchalitchi sikisi koloko isanakwane ndipo ndinapeza anthu onse makumi awiri ndi anayi ali pamzere, zikwama zili kumapazi, apongozi ali kutsogolo ndi kope ndi wezulo. Sindikudziwa kumene anaipeza wezuloyo. Ankaitana dzina, munthu n'kuyankha kuti "ndilipo", n'kukwera lole. Azimayi a zidzukulu zawo ankayankha ndi timawu ta ana a sukulu. Abusa anapemphera, ndipo atafika pakati apongozi anayang'ana wotchi, abusa n'kufupikitsa.

Dalaivala atangoliza injini, foni yanga inalira. Anali kapitawo wa kumsasa. Ndinatsika n'kupita kuseri kwa lole kuti ndimve bwino.

"Mwanyamuka?" anafunsa.

"Tikunyamuka kumene."

"Chabwino. Koma mudziwiretu, njerwa sizinafike. Amene amatiwumbira uvuni wake unagwa ndi mvula. Zibwera mwina sabata ya mawa kumapeto, mwinanso kupitirira."

"Ndiye anthu anga akachita chiyani masiku khumi?"

"Ntchito ilipo yambiri. Kukumba dzenje la zonyansa, ngalande ya mapaipi, ndi kututa mchenga kumtsinje. Mapiki muli nawo?"

"Ndawaphunzitsa kumanga, bambo. Masabata atatu. Ndinayambana ndi banja lonse chifukwa cha chingwe."

"Pepani mayi. Mukapeza mapiki mubwere nawo."

Anadula. Ndinaima pamenepo utsi wa lole ukundipemerera m'miyendo. M'lolemo a kwaya anali atayamba kale nyimbo, ndipo ndinkamva a Mfundo akufotokozera mayi wa makala uja mmene ati akamangire ngodya. Ndinafuna kukhala pansi pamsewu pomwepo.

Apongozi anabwera akutsimphina, kope lili m'khwapa.

"Tachedwa ndi mphindi zinayi. Chavuta n'chiyani?"

Ndinawauza zonse. Anamvetsera mutu uli pansi.

"Dzenje lakuya bwanji?"

"Sananene. La chipatala, ndiye si laling'ono."

"Mapiki muli nawo angati kunyumba?"

"Atatu."

"Kusukulu kwanga kwakale kuli asanu. Mlonda wake ndinamulemba ntchito ndine. Tidzera konko." Anatsegula kope n'kuyamba kujambula mzere watsopano.

"Ndiwauze anthuwa tsopano?" ndinafunsa.

Anayang'ana lole, anayang'ana geti la tchalitchi limene linali lotsegula, ndi njira zonse zopita kumakomo kwa anthu.

"Mukawauza pano titsala asanu ndi mmodzi," anatero. "Mudzawauze masana, tikadzaima kuti tidye. Pamenepo kubwerera kudzakhala kutali kuposa kupitirira."

"Bambo, si bodza limenelo?"

"Ndi ndondomeko. Kwerani."

Anakwera kutsogolo ndi dalaivala chifukwa cha bondo. Ine ndinakwera kumbuyo, ndipo malo okha amene anatsala anali pakati pa a Nthetemya ndi a Mfundo. Titaima kusukulu kuja n'kuyamba kukweza mapiki, a Mfundo anawayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kukweza dzanja. Ndinatseka maso n'kunamizira kugona.